Dzina Limene Amalume Khoviwa Ankafuna

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a amalume anga, a Witinesi Khoviwa, ndipo abusa a ku Mishoni polalikira anati malemuwo anali munthu wamtendere. Ine ndinaweramitsa mutu kuti anthu asaone mano anga. Mwa amuna amene anali pamandapo, amene amalume sanawamenyepo anali ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo anali alendo. Abusawo sindikuwanena, ndi atsopano kuno ku Domasi, anawapeza amalume atatha kale. Koma ine ndinakulira kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ngati palibe wina wonena zoona za iwo, ndinena ndine.

Anali alongo awo a mayi anga, aatali, akuda bii, a manja okhakhala ngati njerwa zimene ankaumba ndi kuwotcha m'mbali mwa mtsinje. Mtima wawo unali wapachala. Anamenyapo kondakitala wa minibasi chifukwa chowaitana kuti madala. Anamenyapo mkamwini wa pakhomo pathu chifukwa chowayankha manja ali m'thumba. Mbuzi ikalowa m'dimba mwawo inkabwerera kwa mwini wake mwendo umodzi ukulendewera. Chikamwini iwo anachikana. Ankati munthu amene agogo ake anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Mozambique sangakagwadire apongozi kuti amuloze pomanga nyumba, choncho mkazi anachita kumutengera kwathu kuno.

Chimene ankakonda kunena n'chakuti choipa chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo ntchito ya mwamuna ndi kumupeza mwiniyo. Mvula ikachedwa, alipo waimanga. Njerwa zikapanda kupsa, alipo wadutsa pauvuni ndi mtima woipa. N'chifukwa chake thupi lawo ankalilondera kuposa mbuzi zawo. Kuno tonse tinaleredwa kuti zikhadabo ukawenga suzisiya poyera, wina angazitole n'kukakuchitira nazo chipongwe, ndipo ambirife timangozitaya m'chimbudzi. Amalume ankaonjeza. Zawo ankazikulunga m'tsamba n'kukaziponya m'moto wa pauvuni. Ndinawaonapo, munthu wamkulu wa imvi, akukwawa pabwalo kufunafuna kachikhadabo kamene kanadumphira mumchenga, ndipo nditaseka anandigenda ndi chitsononkho.

Anthu amene sankawaikapo dzanja anali awiri okha: akazi awo, a Esinati, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga Zione. A Esinati anawamangira khitchini ya njerwa zowotcha, yamalata, pamene mudzi wonse unkaphikira m'zisakasa za udzu. Zenera sanaikepo. Ankati mphepo yozizira yotsika kuphiri isamawapeze akazi awo, komanso zenera ndi khomo la akuba ndi afiti. A Esinati ankalowa m'menemo m'mawa ndi nkhuni za paini, n'kudzitsekera, n'kumatuluka maso ali psuu, akutsokomola uku akuseka. Makoma anada mpaka kunyezimira, mwaye unkalendewera kudenga. Amayi a m'mudzi ankasirira, ineyo ndinkasiriranso. Amalume sankadziwa kulankhula zachikondi, chikondi chawo chonse chinali khitchini imeneyo.

Zione ali ku sekondale, mayi ake anayamba kutafuna nthawi yaitali. Ankati mbamu ikuima pachifuwa. Anasamukira kuphala, phala linayamba kubwerera, kenako madzi. Pomaliza ankagona pamphasa ndi kachitini pambali, chifukwa ngakhale malovu sankadutsa. Munthu anafa ndi njala nkhokwe ili yodzaza. Kuchipatala ku Zomba anati ndi khansa ya kum'mero ndipo yapita patali. Amalume anafunsa dokotala kuti waibweretsa ndani. Dokotala atayankha kuti palibe, anamugwira pakhosi, mpaka alonda anachita kuwakokera panja.

Dzina anakalitenga kwa sing'anga. Linagwera a Likoswe, nkhalamba yoluka mphasa, imene nyumba yake inali kutsidya kwa kanjira, kumbuyo kwenikweni kwa khitchini ija. Mlandu wawo unali wakuti chaka chimenecho anakangana ndi a Esinati za malire a dimba la mpunga, ndipo mwaukali ananena kuti tiona ngati mpungawo muudye. Mawu otere amanenedwa chaka chilichonse m'madimba muno, palibe amene amafa nawo.

M'mawa mwake titaika maliro, anthu asanabalalike pasiwa, amalume anagulula mpini pakhasu n'kuwoloka kanjira. A Likoswe anali pakhonde akung'amba bango. Ndodo yoyamba inawapeza pamsana. Yachiwiri anaitchinga ndi mkono, ndipo tonse tinamva fupa likuthyoka, phokoso lake ngati phesi louma. Nkhalamba inagwa chafufumimba, magazi akutuluka m'khutu, amalume osaleka. Zione, atavala chitenje cha mayi ake, anadzikoleka pamwendo wa bambo ake, iwo n'kumamukwekweretsa m'fumbi akumenyabe. Panafunika amuna ambiri kuti awagwetse pansi. Amalume anakakhala kundende miyezi ingapo. Mkono wa a Likoswe unapola mokhota, sanalukenso mphasa, ndipo anakhala zaka zawo zomaliza akudyetsedwa ndi adzukulu. Amalume atatuluka ankati chisoni chawo n'chakuti anthu anawagwira msanga.

Koma a Likoswe atamwalira, matendawo sanamwalire nawo. Anatenga mkulu wa mpingo wina, anatenga mayi wogulitsa mandasi pamsewu, anatenga anthu a midzi ina ya kwa Malemia amene a Likoswe sanawaonepo n'komwe. Wina aliyense akanayamba kukayika. Amalume anangoti ndiye kuti alipo wina wamkulu, ndipo sing'anga ndi wopepera. Tsiku limene Zione ankapita ku yunivesite tinamuperekeza pasiteji, iwo atasenza chikwama chake paphewa.

"Iwe, usakaphunzire zoti uzikavala bwino," anatero. "Ukaphunzire matenda amene anatenga mayi ako. Ukabwere ndi dzina."

"Dzina la matenda munauzidwa kale, Bambo."

"Dzina la mwini wake."

Zione anakwera minibasi. Anandiuza patapita zaka kuti nayenso ankafuna kudziwa, koma chimene chinkamukankha sichinali imfa ya mayi ake yokha. Linali phokoso la fupa lija, limene ankati silinachoke m'makutu mwake.

Anayamba ndi maphunziro a zaumoyo wa m'malo okhala anthu. Atamaliza anagwira ntchito yoyendera zitsime ndi misika, kenako anabwerera kusukulu kukachita digiri yachiwiri, ya kafukufuku. Ine ndinkamuseka kuti dokotala wanji wopanda jakisoni. Iye anandifotokozera tikusenda chinangwa kuti dokotala amafunsa chimene munthu mmodzi wadwala, koma iwo amafunsa chifukwa chimene matenda amachulukira dera lina n'kuchepa dera lina. Amatenga odwala ndi osadwala n'kuwafananiza: amapuma chiyani, amadya chimanga chosungidwa bwanji, cha chuku kapena ayi, amamwa madzi a kuti, kachasu, fodya, tiyi wotentha motani. Anatinso zikhadabo za kumapazi zimasunga zizindikiro za zimene zalowa m'thupi kuchokera m'nthaka ndi m'madzi, ndipo ku labu amatha kuziwerenga. Nditamva za zikhadabozo ndinaika mpeni pansi.

"Asuweni, mwaiwala kwanu?" ndinamufunsa.

"Tinachititsa msonkhano. Anthu anavomera."

"Pamsonkhano anthu amavomera chilichonse."

Masabata oyamba zinayenda. Ankayenda ndi kabokosi, timaenvulopu, ndi timakina toyezera utsi timene ankapachika m'makhitchini. Kenako bambo wina amene anapereka zikhadabo anamwalira. Anali wodwala kale, n'chifukwa chake Zione anamuyendera, koma zimenezo palibe anazikumbukira. Inali nthawi imene mphekesera za anamapopa zinali zisanazizire. Pamjigo, pachigayo, pasiteji, nkhani inali imodzi, yoti mwana wa Khoviwa akusonkhanitsa zikhadabo za anthu kukagulitsa. Amene ankaiyendetsa kwambiri anali Daisoni, wa kabaza wa njinga yamoto, mdzukulu wa a Likoswe. Sindimuikira kumbuyo, koma ndinena kuti iyeyo ndi amene ankawasambitsa agogo ake atalumala, ndipo ukali wake sunachokere m'mwamba.

Linali tsiku la msika, dzuwa litangopendeka. Anamupeza Zione pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo la mpira. Mnzake amene ankayenda naye anathawira m'chimanga. Kabokosi anakaphwanya ndi zidendene, timaenvulopu tili mbwee. Mwala woyamba unamung'amba pamwamba pa diso, magazi n'kumuphimba nkhope yonse. Amayi amene ankaimba kwaya ndi mayi ake anali pomwepo akukuwa kuti aphedwe. Nditaona mnyamata wina akugubuduza tayala, ndi Daisoni akutsopa petulo m'thanki ya njinga yake, ndinathamangira kuuvuni kukaitana amalume.

Amalume sanathamange. Anayenda ndawala, atavala majombo awo amatope, mpini uli m'manja. Anali okalamba tsopano, koma awiri oyamba amene anawaimira kutsogolo anagona pansi, wina atagwira chibwano. Chidutswa cha njerwa chinawapeza pakamwa. Analavula mano ndi magazi, n'kupitirira mpaka anafika pamene Zione anagwada, tayala lili kale m'khosi. Analichotsa n'kuliponya pansi. Ndinkayembekeza kuti amenya mpaka aphedwe, chifukwa chinenero china sankachidziwa.

M'malo mwake anataya mpini n'kukhala pansi m'fumbi. Anavula majombo. Anatulutsa mpeni wawo wodulira fodya, n'kuyamba kuwenga chala chachikulu. Zikhadabo zawo zinali zolimba ngati nyanga, moti mpeni unalowa m'mnofu, magazi n'kuyenderera kuphazi. Sanasiye. Anawenga chala ndi chala, mapazi onse awiri, n'kumaunjika zidutswazo pachikhatho. Phokoso linayamba kutsika. Panalibe munthu pamenepo amene sankadziwa m'mene a Khoviwa ankabisira zikhadabo zawo.

"Zione, tola kaenvulopu kamodzi," anatero, mawu akutuluka mophwanyika m'kamwa mopanda mano. Zione anakatola akupapasa. Iwo anathiramo, n'kumubwezera. "Ngati amagulitsa, ayambe kugulitsa bambo ake."

"Ndi mfiti zokhazokha pakhomo pamenepo," anakuwa Daisoni, botolo la petulo lili m'manja.

Amalume anamutembenukira. "Iwe mdzukulu wa Likoswe, mlandu wako suli ndi mwanayu. Uli ndi ine." Anakoka tayala lija, n'kugoneka mkono wawo wamanja pamwamba pake. "Mpini ndi uwo."

Ndimafuna nditanena kuti Daisoni anachita manyazi. Sanachite. Anaika botolo pansi, anatola mpini, anaukweza ndi manja awiri, ndipo phokoso limene Zione analithawa zaka zonsezo analimvanso, pafupi kwambiri kuposa poyamba. Amalume sanakuwe, anangobuula ngati ng'ombe n'kugwera chammbali. Daisoni anaima akupuma mwabefu, kenako anaponya mpini n'kukwera njinga yake. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kwina, ngati anangodutsa popita kumsika.

Apolisi atabwera kuchipatala kudzafunsa amene wawathyola, munthu amene moyo wake wonse ankasaka maina anati anagwa pauvuni. Musaganize kuti analapa. Ndikuwapatsa phala anandiuza kuti anangowombola mwana wawo basi, koma Likoswe anali mfiti ndithu, ndipo Zione akamaliza ntchito yake dziko lonse lidzadziwa.

Zione anamaliza kafukufuku wakeyo m'midzi ina, ndi chipsera pamwamba pa diso. Atabwera kudzacheza, amalume anamukhazika pakhonde. Mkono wawo unali utapola mokhota, ndipo ine ndinali nditayamba kuwaphikira m'khitchini ija. Anali ndi kapu ya tiyi amene ankamwa akuwirabe, chifukwa ankati tiyi wozizira ndi wa odwala.

"Ndakudikira mokwanira. Dzina lija."

"Bambo, dzina la munthu palibe. Pali zinthu zingapo zimene tikuzikayikira, ndipo mwina zimathandizana. Chimanga cha chuku, zakumwa zotentha kwambiri, kachasu, fodya, utsi."

"Mayi ako sankamwa kachasu. Sankasuta. Utsi wa kuti?"

Ndinamutsinzinira Zione kuti asinthe nkhani, koma mwanayo anatengera bambo ake kuuma khosi.

"Wa nkhuni, m'makhitchini opanda potulukira."

"Kamakina kako kaja unakapachikanso m'khitchini yathuyi."

"Ndinakapachika."

"Kanati chiyani?"

"Mwa makhitchini amene ndinayeza, munalibe mwa utsi wambiri kuposa m'menemo."

"Ndiye ukuti ndine."

"Sindinatero. Alipo amene apuma utsi moyo wawo wonse osadwala, alipo odwala amene..."

Sanamalize. Khofi linamupeza pachipsera pomwe, la dzanja lamanzere, ndipo anagwa pampando. Kanali koyamba kumumenya chibadwire. Amalume analowa m'nyumba n'kutuluka ndi hamala yaikulu yoswera miyala. Ine ndinaima pakati pawo, ndipo ndinawatukwana amalume anga ndi mawu amene sindingawalembe pano. Anandikankhira kumbali ngati nsalu ya pakhomo n'kulowa m'khitchini. Tinamva khoma likugunda. Ankamenya ndi dzanja limodzi, akubuula nthawi iliyonse hamala ikagunda, malata akulira, mwaye wa zaka zonse ukuwagwera pamutu. Njerwa zawo zinali zopsa bwino, sizinagonje msanga. Pamene kuwala kunalowa, khoma lakumbuyo linali ndi chiboo choti mbuzi n'kudutsa. Anatuluka ali bii, maso okha akuoneka, n'kundiuza kuti ndiziphika. Kwa Zione sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse, za khofi lija.

Chaka chathachi ndinaona kuti galu wawo akunenepa pamene iwo akuwonda. Ankatafuna nthawi yaitali, ndikatembenuka n'kuponya pansi pa mpando. Nditawafunsa anati ndisamale zanga. Zione anabwera n'kuwatengera kuchipatala mokakamiza, ndipo anawaika kapaipi kum'mero kamene kanawalola kumwa phala miyezi ingapo. Kenako nakonso kanatsekeka. Munthu amene ankanyamula amuna awiri anatsala mafupa, ndinkamutembenuza ndekha pamphasa.

Masana ena tinawatulutsa pakhonde kuti awothere dzuwa, kachitini kali pambali. Mawu anali atatsala a manong'onong'o, moti Zione anachita kuwerama.

"Zikhadabo zanga zija zinati chiyani?"

"Sizinatchule munthu, Bambo."

"Khitchini?"

"Sindikudziwa. Mwina inathandizira, mwina ayi. Pafunika zaka zambiri kuti tidziwe."

Ndinamupsera mtima Zione nthawi imeneyo, ndipo sindibisa. Munthu akufa, anamudikira zaka zonsezi, anapereka mano ndi mkono, kumupatsa dzina lililonse kukanavuta chiyani? Akanangoti chuku, akanangoti madzi a pachitsime chakale, bambo ake n'kupita mtima uli m'malo. Ndinamuponda phazi. Iye sanandiyang'ane n'komwe, misozi inkangotsika.

"Nanga Likoswe?"

"A Likoswe ayi, Bambo. Chimenecho chokha ndikuchidziwa."

Amalume analavulira m'kachitini. Anayang'ana mkono wawo wokhota umene unali pamiyendo, n'kuutembenuza pang'ono ndi dzanja linalo.

"Ndiye mkono uja ndinauthyoleranji?"

Anakhala masiku angapo pambuyo pake, koma sindinawamvenso akulankhula.

Zione wabwerera kusukulu kukayamba digiri yachitatu, pa funso lomwe lija. Nyumba ya amalume ndi yokhoma. Pauvuni pamera udzu, ndipo zikombole zawo zoumbira njerwa zikudyedwa ndi chiswe pansi pa mtengo. Loweruka, pophikira alendo a chiliza, tinatsegula khitchini ija. Chiboo chili m'mene anachisiyira, chamanomano, palibe anachiwongola kapena kuikapo felemu. Khoma lonse ndi lakuda, m'mphepete mwa chiboocho mokha ndi mmene mumaoneka kufiira kwa njerwa. Hamala ikadali pakona, yachita dzimbiri. Ukagwada pamafuwa n'kudzutsa mutu umaona kanjira, ndipo kutsidya kwake umaona bwinja la a Likoswe, khonde lokha litatsala, bango litamera mpaka pakhomo popanda wolidula. Nditasonkha moto, utsi unatulukira pachiboopo n'kuwoloka kanjira, kupita kumene kulibenso munthu woti n'kumupepesa.